Loweruka la chisanu ku Glen Coe: zomwe ndinaona m'kanyumba ka m'phiri

Ngati mukukhala ku Scotland, kaya munabwera kusukulu kaya kuntchito, tsiku lina wina adzakukokerani ku kalabu yokwera mapiri. Mayunivesite ambiri ali ndi yawoyawo, ndipo m'matauni mulinso makalabu a anthu apantchito ndi opuma. Nyengo yotentha palibe chovuta: kamba, madzi, jekete yamvula, basi n'kumatsata anzanu pambuyo. Zinthu zimasintha ikakwana Disembala. Pandandanda wa maulendo pamayamba kuoneka akuti gulu lapeza kanyumba ka m'phiri kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu, malo ndi ochepa, ofuna alembetse msanga. Ndikulembera inu amene mwaona uthenga wotere n'kumadzifunsa ngati mungakwanitse. Mungakwanitse ndithu. Kungoti pali zinthu zimene eni dziko sakuuzani, osati chifukwa chouma mtima, koma chifukwa anakula nazo moti saganiza n'komwe kuti wina sangazidziwe.

Tinyumba ta m'mapiri a kuno tili mitundu iwiri. Pali ma bothy, nyumba zakale zosakhoma zimene aliyense amalowamo osalipira. Zambiri zimasamalidwa ndi bungwe la Mountain Bothies Association, lomwe linayamba mu 1965. Mmenemo mulibe magetsi, mulibe mpopi, kawirikawiri ngakhale chimbudzi, mumangopezamo fosholo. Ndiye pali tinyumba ta makalabu, tokhoma, timene gulu limalembetsa kudakali miyezi kudzera kwa munthu wosunga makiyi, aliyense n'kusonkha kangachepe pa usiku uliwonse. Bungwe la Scottish Mountaineering Club lili ndi Lagangarbh, kanyumba koyera kaja kamene kamaoneka pa zithunzi zambiri patsinde pa phiri la Buachaille Etive Mòr. Lilinso ndi CIC Hut, ya mu 1929, kunsi kwa matanthwe a kumpoto a phiri la Ben Nevis, pamtunda wa mamita pafupifupi 680. Kukafika kumeneko n'kukwera phiri kale, katundu ali kumsana. Ku Glen Nevis kuli Steall Hut, komwe njira yake imadutsa pamlatho wa zingwe zitatu zachitsulo, chimodzi chopondapo, ziwiri zogwira. Choncho funso lanu loyamba kwa wokonza ulendo likhale lakuti: galimoto imathera pati, ndipo kuchokera pamenepo n'kuyenda nthawi yaitali bwanji? Yankho lake ndi limene likuuzeni ngati munyamule chikwama chimodzi chobereka kapena muwonjezere katoni ya zakudya.

Kanyumba kathu kanali m'chigwa cha Glen Coe, kufupi ndi msewu, ndipo unali mwezi wa Januwale. Tinanyamuka ku Glasgow Lachisanu titaweruka. Msewu wa A82 umakhotakhota m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond, kudutsa Crianlarich ndi Tyndrum, kenako n'kukwera pa Rannoch Moor, chipululu cha madambo pomwe umayenda mtunda wautali osaona nyali ya nyumba. Zimene umaona ndi mizati yoimika m'mbali mwa msewu, yosonyeza pothera phula chipale chofewa chikakwirira zonse, ndi maso a agwape akuluakulu amene amaima pamsewu mosatekeseka. Tochi ikhale m'thumba la jekete, osati pansi pa chikwama, chifukwa mukatsika galimoto kunja kuli bii.

Titatsegula chitseko, m'kati munali zii, kuzizira kwake ngati kuposa panja. Makoma amiyala amene akhala masiku opanda moto safunda msanga. Palibe amene anakhala pansi. Wina anathamangira kukatsegula gasi, wina madzi, wina anagwada pachitofu ndi nyuzipepala ndi tinkhuni, ena akutula zakudya kukhitchini. Kanyumba kalibe wantchito. Mlendo amene sakudziwa poyambira angofunsa kuti, "Ndigwire chiyani?" Ine anandipatsa mpeni ndi mulu wa anyezi, ndipo pomwe ndinkamaliza kusenda ndinali nditadziwana ndi theka la gulu.

Kogona ndi nsanja ziwiri zamatabwa, yapansi ndi yapamwamba, matiresi atayalidwa mogundana. Amuna ndi akazi chipinda chimodzi, aliyense m'thumba lake logonamo, phewa kugundana ndi la munthu amene mwadziwana naye madzulo omwewo. Ngati zimenezi zingakuvuteni, neneranitu polembetsa. Tinyumba tina tili ndi zipinda ziwiri, ndipo okonza ulendo sadabwa ndi pempho lotere. Nsanja yapamwamba imafunda, koma amene amadzuka usiku kukataya madzi asankhe yapansi, chakumapeto. Tenganinso zotseka m'makutu. Pagulu lotere sipalephera katswiri wa mkonono, ndipo wathu anali wamphatso. Lamulo limodzi lokha ndi losaseketsa: kachitofu kanu ka gasi musakayatse m'chipinda chotseka kuti mufunde. Mpweya wa carbon monoxide sununkha, suoneka, ndipo umapha munthu ali m'tulo.

Chimene ndikufuna muchigwiritse ndi zomwe zinachitika patebulo usiku umenewo, chifukwa tsiku la Loweruka linapanganidwa pamenepo, wina aliyense asanavale jombo.

Mbale zitachoka, anayala mapu a Ordnance Survey, aja a nambala 41 okhala ndi Ben Nevis ndi Glen Coe, makapu atatsamiritsa m'makona. Netiweki m'chigwamo ndi yodukaduka, choncho anzathu anali atajambuliratu pafoni malipoti tili m'njira. Panali a zanyengo ya m'mapiri ochokera ku Met Office ndi ku Mountain Weather Information Service, amene amanena liwiro la mphepo pamwamba, kutsika kwa mitambo, ndi mtunda umene madzi ayambire kuundana. Panalinso lipoti la Scottish Avalanche Information Service. Anthu a bungwe limeneli amakwera phiri tsiku ndi tsiku, kuyambira chapakati pa Disembala mpaka mu Epulo, kukakumba chipale ndi kuona ngati chingagumuke. Amalemba za madera 6: Glencoe, Lochaber, Creag Meagaidh, Torridon, ndi mbali ziwiri za Cairngorms. Lipoti lawo lili ndi chithunzi chozungulira chosonyeza mbali zonse za phiri ndi kutalika kwake, chopakidwa mitundu malinga ndi ngozi: wobiriwira, wachikasu, wa olenji, wofiira, wakuda. Usiku umenewo mbali za kumpoto ndi kummawa, kuyambira mamita 800 kupita m'mwamba, zinali za olenji.

Ine ndinkaganiza kuti olenji ndi wapakatikati, ndiye zinthu zili bwinoko. Ayi. Ngozi zambiri zopha anthu zimachitika pamlingo wachitatu womwewu, chifukwa pakafiira aliyense amakhala m'nyumba, koma pa olenji anthu amatuluka n'kumadzilimbitsa mtima.

Mnyamata wina wamphamvu zake, amene anali atangogula zida zatsopano, anati iye akufuna Stob Dearg, nsonga ya Buachaille Etive Mòr, kudzera m'chigwembe cha Coire na Tulaich, yomwe ndi njira ya aliyense nyengo yotentha. Bambo wina wachikulire, wosalankhulalankhula, anangotembenuza foni n'kumuonetsa.

"Mphepo yakhala ikuomba kuchokera kummwera chakumadzulo sabata yonseyi. Chigwembe chanucho chayang'ana kumpoto. Ndiye chipale chonse chija mukuganiza chapita kuti?"

Apa m'pamene anandifotokozera mmene zimakhalira. Mphepo imakokolola chipale kumbali imene ikuchokera n'kukachiunjika kuseri kwa phiri. Kumeneko chimagwirana n'kupanga chibenthu cholimba chokhala pamwamba pa china chofooka kapena choterera. Munthu akapondapo, chibenthu chonsecho chimang'ambika n'kutsetsereka naye. Malo oopsa kwambiri ndi otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, omwe tsoka lake ndi amenenso amaoneka okoma kukwera. Mu Januwale 2009 anthu atatu anafera m'chigwembe chomwecho chipale chitagumuka, ndipo mu Januwale 2013 ena anayi anafera paphiri la Bidean nam Bian, m'chigwa chomwechi cha Glen Coe. Bambo aja anatchula zimenezi mopanda kuopseza, akuthira tiyi. Mnyamata uja anayang'ana mapu kanthawi, n'kusankha njira ina yodutsa pamsana wa phiri pomwe mphepo inali itasesa.

Kenako mayi wina wa imvi, amene ankatsogolera ife ongoyamba kumene, anazungulira tebulo ndi funso limodzi kwa aliyense: "Inu, ma crampons munayendapo nawo? Nanga ice axe munaigwirapo?" Ankanena mano achitsulo omangirira kunsi kwa jombo ndi ndodo yachitsulo yodziimitsira ukaterereka. Atafika pa ine ndinati ayi, zonse ziwiri. Ndikunena zoona, pakamwa pamalemera. Uli mlendo, mwina ndiwe wakuda wekha m'chipindamo, sufuna kuoneka ngati katundu wa anzako. Koma nditangoyankha choncho, ena awiri amene anali atangogwedeza mutu mosadziwika bwino anati nawonso aka n'koyamba. Mayi aja sanadabwe. Anasintha njira pomwepo, n'kusankha Buachaille Etive Beag, phiri laling'onoko loyandikana nalo, ndi kupatula nthawi yoti atiphunzitse m'njira. Tikanakhala chete, akanakonza tsiku la anthu odziwa, ndipo chilungamo chikanaonekera pamalo poti sitingabwerere bwino.

Anawerengeranso nthawi. Mu Januwale dzuwa limatuluka cha m'ma 8:30 m'mawa, n'kulowa 4 koloko itangodutsa. Pali kawerengedwe kakale ka William Naismith, ka mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Koma kameneko n'ka munthu wamphamvu panthaka youma. M'chipale chofika m'mawondo nthawiyo imatha kuwirikiza. Anagwirizana kuti ikakwana 1 koloko masana titembenuke, kaya tafika pamwamba kaya ayi. Gulu lililonse linalemba papepala mayina, njira, nthawi yobwerera ndi nthawi yoti otsala ayambe kuitana thandizo, pepalalo n'kulikhoma pakhomo.

Tisanagone, mayi aja anandiuza kuti nditulutse jombo ndi ma crampons amene kalabu inandibwereka, tiyese pomwepo pansi pa nyali. Ma crampons ndi mano achitsulo omangirira kunsi kwa jombo. Sagwira pa nsapato iliyonse: jombo yofewa ikapindika poyenda, chitsulo chimavuka. N'chifukwa chake jombo za m'phiri zili m'magulu a B1, B2 ndi B3 potengera kuuma kwa kunsi kwake, ma crampons nawo C1, C2 ndi C3, ndipo nambala ya jombo siyenera kuchepera ya crampon. Ngati muli ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha, ikhale jombo. Zinazo makalabu ambiri amabwereketsa. Anandiuza ndimange, ndimasule, ndimangenso, kenako ndibwereze zonsezo nditavala magolovesi. Pamene sindinamve ndinkafunsa, paja safunsa anadya phula.

Tinadzuka kudakali mdima. Phala la oats, tiyi wa shuga wambiri m'mafulasiki, ndipo chakudya cha masana tinachidula tizidutswa n'kuika m'matumba a jekete. M'phiri la chisanu simukhala pansi kudya mwaulemu. Mumaima mphindi zochepa mutafulatira mphepo, kuponya kanthu kukamwa, n'kumapita. Malaya a thonje ndi jinzi zisiyeni m'kanyumba. Thonje likamwa thukuta siliuma, limangokumatirani pakhungu n'kumakuchotsani kutentha. Valani zaubweya kapena zanayiloni zopyapyala zingapo mosanjikiza, pamwamba jekete ndi buluku zosalowa mvula ndi mphepo. Magolovesi akhale awiriawiri kapena kuposa, chifukwa oyamba amanyowa ndithu.

Pamalo oimika magalimoto ndinali nditadzikutira zonse zimene ndinali nazo. Mayi aja anandiyang'ana n'kuseka. "Vulani yaikuluyo, ikani m'chikwama. Mukayamba mukumva kufunda, pofika apo mukhala mutanyowa ndi thukuta. Imeneyo n'njovala tikaima." Ndinavula monyinyirika, mano akugundana. Titakwera pang'ono thupi linatentha lokha.

Amene munakwerapo mapiri ataliatali m'mayiko otentha musanamizidwe ndi manambala a kuno. Ben Nevis, lalitali koposa onse, ndi mamita 1,345 okha. Koma mapiriwa ali kumpoto kwambiri, ndipo mphepo ya m'nyanja ya Atlantic imawapeza opanda chotchinga. Ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7, nthawi zina kuposa, ndipo mphepo ya pamwamba imatha kuwirikiza kawiri kapena katatu ya m'chigwa. Paphiri la Cairn Gorm, mu Malichi 1986, anayeza mphepo ya mamailo 173 pa ola. Ya mamailo 40 yokha ndi yokwanira kukudzandiritsa.

Njira ya Buachaille Etive Beag imakwera masitepe amiyala mpaka pampata wa pakati pa nsonga zake ziwiri, pamtunda wa mamita pafupifupi 750. Masitepewo anali atakutidwa ndi madzi oundana, ndipo tinamanga ma crampons pamalo athyathyathya tisanafike poterera penipeni. Kuyenda nawo kumafuna kutangadza miyendo pang'ono ndi kuponda phazi lonse, apo ayi mano amakodwa m'buluku. Chakumtunda mayi aja anapeza kachitunda kopanda miyala kunsi kwake, anatiuza tivule ma crampons, tiphunzire kudziimitsa. Ice axe ndi ndodo yachitsulo yokhala ndi mutu wosongoka mbali imodzi. Ukaterereka, umagwetsa chifuwa pandodoyo, nsonga n'kulowa m'chipale pafupi ndi phewa, mapazi utawatukula. Amatukulidwa chifukwa mano a crampon akakodwa munthu ali paliwiro, amamutembenuza chadodolido kapena kumuthyola akakolo. Tinadzigwetsa dala mobwerezabwereza, chagada, chafufumimba, mutu kutsogolo, mpaka chipale chinalowa ndi m'khosi momwe. Phunziro la ola limodzi silisandutsa munthu katswiri. Amene akufuna kupitiriza, ku Glenmore Lodge, kufupi ndi Aviemore, kumachitika maphunziro a masiku angapo a zimenezi.

Pampata paja mphepo inatilandira mwaukali. Tizidutswa ta chipale tinkabaya kumaso moti wopanda magalasi otchinga sakanatha kutsegula maso. Tinakhotera kumanzere n'kukwera Stob Coire Raineach, mamita 925. Pamwamba tinangogwira mulu wa miyala, wina kujambula chithunzi chimodzi, basi.

Potsika dziko linangoti mbuu. Mtambo unatsika, chipale chinayamba kuuluka, kumwamba ndi pansi zinasanduka chinthu chimodzi choyera. Ndinkaona jombo zanga ndi chikwama chofiira cha amene anali patsogolo panga, china chilichonse kunalibe. Panalibe mthunzi, panalibe mzere wosonyeza pothera phiri. Ndinaponda poganiza kuti n'pokwera, phazi linapita pansi, ndipo mutu unayamba kuzungulira ngati ndili m'bwato. Mayi aja anatiuza tiyandikane. Anatulutsa mapu a m'thumba la pulasitiki ndi kampasi, anatchera kolowera, n'kuyamba kuyenda akuwerenga mapazi chamumtima, chifukwa amadziwa kuti pa mamita 100 amaponda kangati. Nthawi ndi nthawi ankaumba kachibulunga ka chipale n'kuponya patsogolo kuti aone pomwe kagwere. Ankaopa milomo ya chipale imene mphepo imamanga m'mphepete mwa phompho. Pamwamba pake pamaoneka ngati nthaka, koma kunsi kwake kulibe kanthu. Foni yokhala ndi mapu ndi yothandiza, sindikutsutsa, koma batire lake limafa msanga pozizira ndipo galasi lake silimva magolovesi onyowa. Isungeni m'thumba la m'kati, pafupi ndi thupi.

Titabwerera pampata nthawi inali ikadalipo pang'ono, ndipo wina anati tiyese nsonga yachiwiri, Stob Dubh, poti tafika kale. Mayi aja anayang'ana wotchi, kenako nkhope zathu mmodzimmodzi. Maso awo anaima pa mtsikana wina amene m'mawa wonse ankatiseketsa. Tsopano anali phee, akulimbana ndi zipi ya jekete osaigwira bwino.

"Muli bwanji inu?"

"Ndili bwino."

"Munadya liti komaliza?"

Sanayankhe msanga. Nkhani ya nsonga yachiwiri inathera pomwepo. Kutentha kwa thupi kukayamba kutsikira kunsi kwa madigiri 35, munthu amanjenjemera, amapunthwapunthwa, lilime limalemera, manja amakanika tinthu tating'ono, ndipo ena amakwiya popanda chifukwa pomwe ena amangoti duu. Choopsa n'chakuti mwiniwake sazindikira. Ndi anzake amene ayenera kuona. Akasiya kunjenjemera koma adakali wozizira, zafika poipa.

Mayi aja anatulutsa chinsalu cha nayiloni cha olenji, chosokedwa ngati thumba lalikulu, chopanda mitengo kapena zikhomo. Tinaima mozungulira, kuchikokera pamitu pathu, n'kukhala pansi nthawi imodzi pa zikwama titapanikiza m'mphepete mwake. Mphepo inatsala panja ikumenya nsalu. M'kati mawondo anagundana, nthunzi ikutuluka m'kamwa mwa aliyense, nkhope zonse zitasanduka za olenji. Mtsikana uja tinamuveka jekete yaikulu pamwamba pa zonse zimene anavala, magolovesi ouma, n'kumupatsa tiyi ndi maswiti. Posakhalitsa anayamba kudandaula kuti wina wamuponda phazi, ndipo mayi aja anati tsopano tingatsike. Musanalembetse ulendo wa chisanu, funsani ngati gulu limanyamula chinsalu chimenechi.

Kwa ife akhungu lakuda pali china chimene palibe anandiuza. Malangizo ambiri amati muone ngati zala, mphuno kapena makutu zafiira kapena zayera. Pakhungu lathu zimenezo sizioneka msanga. Limangotuwa pang'ono, ndipo mnzanu amene sanazolowere sangazindikire. Dalirani zimene mukumva. Chala chikachita dzanzi, kapena khungu likauma gwa, nenani pomwepo. Lowetsani dzanja m'khwapa, pakhungu penipeni. Osatikita, osaika pachitofu. Magazi akamabwerera ululu wake ndi woliza munthu wamkulu, mpaka ena amachita nseru, koma umatha pakapita mphindi zochepa.

Tinafika pakanyumba kusanade. Ntchito yoyamba si tiyi, ndi kuyanika. Chipinda choyanikira zovala chimadzaza msanga, ndipo fungo lake silifotokozeka. Tulutsani zoyala za m'kati mwa jombo, mulowetsemo nyuzipepala, ndipo musaziike pafupi kwambiri ndi moto chifukwa guluu wa kunsi amasungunuka. Khalani ndi zovala zouma ndi tinsapato topepuka ta m'nyumba mokha, zimene simupita nazo kuphiri ngakhale zitavuta bwanji. Amene anafika msanga ndi amene amaphika. Ife tinaika mphika waukulu wa supu pamoto, ena akusenda mbatata.

Gulu la mnyamata uja linachedwa. Papepala paja analemba kuti abwera 5 koloko, ndipo thandizo liitanidwe ikakwana 7. Itadutsa 5 nthabwala zinachepa. Bambo wina ankangotuluka panja n'kulowanso. Palibe amene anathamangira kuphiri kukawasaka, chifukwa kutero n'kungowonjezera anthu osowa. Mmalo mwake wina anapita ndi galimoto pamalo pomwe foni imagwira, kuti ngati atumiza uthenga aulandire. Apa m'pamene anandiphunzitsa kaitanidwe ka thandizo. Mumaimba 999, kupempha apolisi, kenako kunena kuti mukufuna Mountain Rescue, gulu lopulumutsa anthu m'mapiri, ndipo mukhale mutakonzeratu manambala a pamapu osonyeza pomwe muli. Musanapite kuphiri tumizani mawu akuti register ku 999 pa uthenga wa pafoni n'kutsatira zimene akuyankheni, kuti tsiku lina mudzathe kuitana ndi uthenga pomwe netiweki ndi yofooka moti foni siimbika. Foni ikakanika, lizani wezulo kapena thwanitsani tochi kasanu n'kamodzi, dikirani mphindi imodzi, bwerezani. Opulumutsawo ndi anthu ongodzipereka, amasiya ntchito ndi mabanja awo usiku, ndipo salipiritsa. Gulu la ku Glencoe linayambitsidwa mu 1961 ndi Hamish MacInnes, yemwenso anakonza machira opindika onyamulira ovulala m'mapiri.

Sizinafike pamenepo. Cha m'ma 6 tinaona timatochi tikutsika motsatizana. Chipale chinali chakuya kuposa mmene ankayembekezera, ndipo anasankha njira yaitali yozungulira pofuna kupewa chitsetso chimene sanachikhulupirire. Palibe amene anawakalipira. Anapatsidwa supu, n'kufunsidwa mwatsatanetsatane mmene chipale chinalili mbali imeneyo, chifukwa ena ankaganiza zopitako mawa lake.

Usiku wa Loweruka ndi waphokoso. Nkhani zambiri ndi za ma Munro, mapiri a ku Scotland opitirira mafiti 3,000, kapena kuti mamita 914, amene Sir Hugh Munro anawalemba pandandanda mu 1891. Pano alipo 282, ndipo pali anthu amene amatha moyo wawo wonse akuwachonga limodzilimodzi. Anandiuza kuti nane ndayamba, kwatsala 281, ndipo sindikudziwa ngati kunali kundiyamikira kapena kundichenjeza. Botolo la whisky limazungulira, koma wokana sakakamizidwa. Kuphiri kokha mowa usapite: umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva kufunda pomwe thupi likutaya kutentha. Fufuzaninso buku la alendo limene limakhala pashelefu. Muli malipoti a njira, madandaulo a mvula ndi zojambula za anthu amene anagona pa nsanja zomwezo zaka zambiri zapitazo, ndipo gulu lililonse limalembamo zake.

Lamulungu mphepo inakula, ndipo palibe amene anakamba za nsonga. Ena tinangoyenda pa Devil's Staircase, chikweza cha njira ya West Highland Way chimene chimafika mamita pafupifupi 550, n'kubwerako masana asanakwane. Ena anatsala ndi mabuku pafupi ndi chitofu, ndipo zimenezonso n'zololedwa. Kulipira malo sikukukakamizani kukwera phiri.

Kutseka kanyumba kumatenga nthawi kuposa mmene mungaganizire, ndipo aliyense amagwirapo. Kusesa, kukolopa, kutsuka chimbudzi, kuchotsa phulusa, kusiya tinkhuni touma ta obwera pambuyo. Zinyalala zonse ndi zakudya zotsala zimabwerera nanu, apo ayi mbewa zimachita phwando. Gasi amatsekedwa, ndipo m'tinyumba tambiri madzi a m'mapaipi amakhuthulidwa, chifukwa akaundana amaphulitsa paipi. Malangizo ake amakhala atakhomedwa pakhoma, atsatireni mzere ndi mzere. Chimene chathyoka chinenedwe kwa wosunga makiyi. Nyamukani kukadawala, mutaona kaye pa tsamba la pa intaneti la Traffic Scotland ngati msewu uli wotsegula, poti A82 ili ndi mageti amene amatsekedwa chipale chikachuluka pa Rannoch Moor. Woyendetsa galimoto mumusonkhere ya mafuta asanachite kupempha, ndipo wina akhale maso kumucheza, chifukwa nayenso watopa chimodzimodzi. Mukafika kunyumba, ma crampons ndi ice axe zobwereka muzipukute ziume musanazibweze; zikagona m'chikwama chonyowa zimachita dzimbiri.